Sanali Odi Wamba

Uthenga unalowa m'foni ya Nazira m'mawa wa Loweruka, iye akusita diresi lake loyera kuseri kwa shopu ya bambo ake pa Lizulu.

"Wadzuka bwanji, Mvula yanga? Lero usamwe madzi ozizira, ndipo usakangane ndi munthu. Mawu akowo ndikuwafuna athunthu."

Nazira anamwetulira yekha, nayankha ndi chala chimodzi: "Ukufuna mawu okha? Mwiniwake ndimusiye kunyumba?"

"Mwiniwakeyo ndiye ndikumufunitsitsa. Koma usauze munthu."

Kumwetulira kuja kunazilala. Miyezi isanu yathunthu chikondi chawo chinkayendera mawu omwewo, akuti usauze munthu, ndipo anali atamufika pakhosi.

Wolemba mauthengawo anali Jasper Ngozo, mphunzitsi wa ku Kasinje, mnyamata wamanyazi amene amalimba mtima pokhapokha akagwira kandodo koimbitsira kwaya. Ndiye anapeka nyimbo imene Ntcheu yense ankaidikira tsiku limenelo: nyimbo imodzi ya magawo anayi, yotha ola lathunthu, yoimbidwa ndi anthu zana limodzi ndi makumi awiri pamodzi ndi malipenga, ng'oma ndi mavayolini a anzake ochokera ku Lilongwe. Ophunzira ankaitcha simfone. Enafe tinkangoti nyimbo ya Jasper yosatha ija. Inali yotsegulira Holo ya Mkungudza, nyumba yakalekale ya zisudzo imene inakhala chitsekere zaka makumi awiri, mileme ikuchitiramo misonkhano yake.

Nyimboyo sinali ya tchalitchi. Inkakamba za chilala, za alimi a kachewere akuyang'ana kumwamba, mpaka m'gawo lomaliza mvula n'kufika pakhomo kudzagogoda. Mvulayo inali mawu a mkazi mmodzi woimba yekha. Jasper anamufunafuna mkazi wotereyo m'makwaya onse kuyambira ku Manjawira mpaka kwawo osamupeza, kufikira tsiku limene anamva Nazira akuimba kaswida, nyimbo ya Chisilamu, paukwati wa msuweni wa mtsikanayo. Anaima pamsewu ndi njinga yake mpaka nyimbo itatha, kukamwa kuli yasa.

A Saiti, bambo ake a Nazira, anavomera monyinyirika, ndipo anaika malamulo awiri: mpango usachoke kumutu, ndipo m'kamwa mwa mwana wawo musatuluke mawu a tchalitchi. Anatuma Swaleh, mchimwene wake wa Nazira, kuti akawerenge pepala la nyimboyo mzere ndi mzere. Mizere iwiri ya Nazira inali ya Chingoni, chimene masiku ano timangochimva pamiyambo: *Vulani sango, ngifikile. Ngishiyile baba, ngishiyile mama.* Jasper anaitola pa kaseti yakale ya malemu bambo ake. Anafotokoza ndi mtima wonse kuti ameneyo ndi odi chabe, mvula ikupempha abambo ndi amayi kuti aitsegulire chipata. Swaleh ataona "baba" ndi "mama" anagwedeza mutu, nati nyimbo yolemekeza makolo ilibe vuto. Umo ndi mmene mbuli ziwiri zinagwirizanirana, ina ya dipuloma, ina ya laisensi ya lole.

"Nazira!"

A Saiti anaima pakhomo la shopu, kofiya ili kumutu, makiyi ali m'manja. Nazira anaimika simbi, nafika n'kugwada.

"Zoimbaimba zako zikuthera lero. Mawa madzulo akubwera a kwa Kareem kuchokera ku Manjawira. Amalume ako ndawauza kale."

"Baba, ndinanena kuti Kareem sindikumufuna."

"Unanena."

"Katatu konse."

"Tinamva katatu konse. Walakwa chiyani mwana wa eni? Amaswali, ali ndi mashopu awiri, samwa, sasuta."

"Sanalakwe kanthu. Sindikumufuna basi."

"Kufuna kumabwera mukakhala m'nyumba." Anaika makiyi m'thumba. "Ine ndi Swaleh tibwera kudzakuonera. Ukaimbe bwino, anthu adziwe kuti ndiwe mwana wa Saiti."

Chimene chinkamuwawa kwambiri Nazira n'chakuti bambo ake ankanena zonsezi mokoma mtima. Sanamukalipirepo chibadwire. Ankamumvetsera mpaka amalize, kenaka n'kupitiriza zimene anakonza kale.

* * *

Pofika thu koloko masana Holo ya Mkungudza inali itadzaza mpaka pakhonde la m'mwamba. Nsanamira zake zazikulu anali atazipukuta mpaka kunyezimira, makoma atapakidwa laimu, ngakhale fungo la eni ake akale aja linali lisanatheretu. Kutsogolo kunakhala akuluakulu a maofesi ndi mimba zawo. Kumbuyo kwawo kunali mzere wathunthu wa amayi achikulire a kumapiri, ndipo pakati pawo panakhala a Nanzunga, amayi ake a Jasper, amene chiyambire sanapondeko ku pulakatisi ngakhale kamodzi.

M'kachipinda kovalira kuseri kwa nsanja, Nazira ankakonza mpango wake pagalasi losweka pamene Pauline analowa n'kutseka chitseko ndi chidendene. Pauline anali sopulano wamkulu wa kwaya ya kumudzi kwa Jasper, wokula naye limodzi, ndipo a Nanzunga akakumana naye kuchigayo ankamutcha kale kuti mpongozi. Gawo la mvula analimenyera nkhondo mwezi wathunthu, n'kugonja. Kuyambira pamenepo moni wake kwa Nazira unali wa mano okha.

"Watchena, mkwatibwi."

"Ndine mvula, Pauline. Mkwatibwi ukamufune kwina."

"Aaa, sanakuuze? Kapena nayenso sakudziwa, mwana wosauka." Pauline anakhala pathebulo n'kumagwedeza miyendo. "Ine ndinkayeserera mizere yakoyo kunyumba, azakhali anga a Zelesi n'kufa nako kuseka. Akuti iwe, ukukwatiwa ndi ndani osatiuza? Ameneyo si odi, mnzanga. Ndi nyimbo ya mthimba, ya ukwati. Kwathu amaimba mkwatibwi ataima pachipata cha kwa mwamuna: tsegulani chipata, ndafika, ndasiya bambo, ndasiya mayi. Akatero, apongozi aakazi amaimirira n'kuyankha kuti *ngena, mtwana wami*, lowa mwana wanga. Basi nkhani yatha, ameneyo ndi wa m'mudzimo."

Nazira sanachotse maso pagalasi.

"Wadziwa liti zimenezi?"

"Kalekale."

"Ndiye undiuze lero, kutatsala mphindi makumi awiri?"

"Ndakumvera chisoni. Bambo ako ali pakhonde la m'mwamba paja. Ukawaimbire pamaso pa anthu mazana asanu kuti wawasiya? Ndipo usaganize kuti samva Chingoni ndiye zibisika. Swaleh ndamutumizira kale tanthauzo lake, liwu ndi liwu." Anatsika pathebulo, namuyandikira, mawu ake atafewa ngati a nesi. "Ingonena kuti pakhosi pakuwawa. Palibe akudzudzule. Mizereyo ine ndikuidziwa bwino."

Apa ndi pamene Nazira anauona msampha wonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira.

"A Nanzunga abwera bwanji lero, poti nyimbo za mwana wawo sazifuna?"

"Ndawaitana ine." Pauline sanachite ngakhale manyazi. "Choyankha akuchidziwa."

Ndiye kuti Nazira akadwala pakhosi, Pauline aima pamalo pake, aimba akuyang'ana Jasper, ndipo mayi wa mnyamata aimirira n'kumulowetsa m'banja anthu onse akuona. Kunena zoona, mtsikanayu mutu unali kugwira. Akanakhala kuti nzeru zimenezi amaziika pa zinthu zothandiza, bwenzi ali kutali.

Nazira anabaya kapini komaliza pampango, natembenuka.

"Zikomo pondiphunzitsa Chingoni, Pauline. Tsopano tuluka, ukunditchinga kuwala."

Chitseko chisanatsekeke, foni inanjenjemera. Anali Swaleh: "Baba awerenga. Akuti tsika pompano tizipita. Ukangotsegula pakamwa, zako izo."

* * *

Nazira anamupeza Jasper kuseri kwa katani, ali pakati pa oimba malipenga, thukuta lili kamukamu mu jekete yobwereka.

"Aphunzitsi, mphindi imodzi chabe," anatero Nazira mwaulemu, popeza panali anthu. Atafika pakona pamene panaunjikidwa mipando yothyoka, ulemu uja unathera pomwepo. "Jasper, *ngishiyile* amatanthauza chiyani?"

"Ndi… ndi ngati moni. Mawu aulemu."

"Amatanthauza ndasiya."

Anamufotokozera zonse, za mthimba, za chipata, za yankho la apongozi, za Pauline ndi uthenga wake kwa Swaleh. Nkhope ya Jasper inagwa. Anatsamira khoma.

"Ndikulumbira, Nazira, sindinadziwe. Pa kaseti paja anangolemba kuti za kumudzi. Bambo anamwalira ndili folomu wani, ndikanafunsa ndani?"

"Amayi ako."

"Amayi ndikayamba za nyimbo amadzuka kukatsuka mapoto." Anapukuta chipumi ndi mkono wa jekete, nayamba kulankhula mothamanga. "Chabwino, tikonza. Mizereyo tiichotsa. Maynard wa lipenga uja aiimba yekha, popanda mawu. Pauline saimba, iwenso suimba. Uime ndi asopulano anzako, tikamaliza upite ndi Baba mwamtendere, ndiye tidzaona njira ina."

"Njira ina iti? Mawa madzulo akubwera a kwa Kareem."

"Mawa?"

"Mawa. Ndakana katatu m'nyumba mwathu, palibe akundimva. Muno muli makutu chikwi."

"Akuthamangitsa, Nazira."

"Ndikufunse chinthu chimodzi. Mawuwo ndi abodza? Nditafika pachipata chanu, sungandifune?"

"Ukudziwa kuti ndimakufuna."

"Ndikudziwa ine ndi foni yanga. Ndatopa nacho chikondi cha m'foni, Jasper. Ndatopa kufufuta mauthenga ako ngati ndi zinthu zakuba. Ndatopa kukutcha aphunzitsi pagulu. Iwe unalemba usakudziwa, ine ndiimba ndikudziwa. Ntchito yako ndi kukweza kandodoko basi."

Jasper anamuyang'ana. Ankamukonda, zimenezo n'zosakayikitsa, koma mantha nawo anali pomwepo, ndipo Nazira anaziona zonse ziwiri.

"Amayi sayankha," anatero chapansipansi.

"Imeneyo ndi nkhani ya amayi ako. Yanga ndi kugogoda."

Belu linalira. Oimba anayamba kukwera pansanja mzere ndi mzere. Nazira anatulutsa foni, nalembera Swaleh: "Achimwene, muwauze Baba akhale pansi. Anandiuza okha kuti ndiimbe bwino." Atatero anaizimitsa, naiponya m'chikwama.

* * *

Ambiri tinabwera kudzaseka, tisabise. Nyimbo ya ola lathunthu, popanda kuvina, popanda wothamanga kukafupa? Koma katani itatseguka, Jasper n'kukweza kandodo kake, phokoso lonse linatha lokha.

Anayamba mabesi okha, pansipansi, ndi ng'oma imodzi ikugunda mwa apo ndi apo. Chinali chilala chimenecho, ndipo aliyense amene anaonapo kachewere akufota m'mizere anachizindikira asanauzidwe. Holo yakaleyo inali ndi luso lake: matabwa a kudenga ankalandira mawu n'kuwabweza atanenepa, moti munthu wa kumbuyo kwenikweni ankamva ngati akumuimbira m'khutu. Gawo lachiwiri malipenga analowa, amayi a aluto akukangana ndi amuna a tena za mbewu yotsala, kuti idyedwe kapena idikire. Gawo lachitatu mavayolini analira okha kwa nthawi, mpaka bwana wina wa kutsogolo anaiwala foni yake pamwendo.

Nazira anaimba magawo atatuwo ali m'mzere wa asopulano. Pauline anali pambali pake penipeni, akumuba ndi diso.

Gawo lachinayi linafika. Ng'oma zinaleka, malipenga anatsika, kwaya yonse inatseka pakamwa. Pakati pa nsanja panali malo opanda munthu, oyembekezera mvula. Pauline anasuntha phazi limodzi kutsogolo. Nazira anamudutsa osamukhudza, nakaima pamalopo.

Ku pulakatisi ankaimba akuyang'ana kudenga, monga Jasper anamuphunzitsira. Lero anayang'ana kaye pakhonde la m'mwamba. Bambo ake anali ataimirira, manja atagwira thabwa lotchinga, Swaleh ali pambali pawo. Anawayang'ana ndithu, kuti asadzanene kuti anachita mobisa. Kenaka anatsitsa maso, nawaika pa Jasper.

Kandodo kanakwera.

*"Vulani sango, ngifikile…"*

Mawuwo anatuluka oyera, osathamanga, ndi kapindidwe kaja ka kaswida kamene palibe sopulano wa m'tchalitchi akanakatha. Anakwera mpaka kudenga, nadzaza holo yonse. M'mzere wa amayi achikulire wina anagunda mnzake ndi chigongono. Wina anagwira pakamwa.

*"Ngishiyile baba, ngishiyile mama."*

Manong'onong'o anayenda mumzeremo kuchokera uku ndi uku, ndipo maduku onse anatembenukira kwa a Nanzunga.

Pa pepala la Jasper, mizereyo ikatha pamakhala kachete wa kugunda kunayi, kenaka kwaya yonse n'kulowa. Kunayi kunakwana, kandodo kali m'mwamba. Kunafika kasanu ndi katatu. Jasper anali atapotoloza khosi, akuyang'ana amayi ake, ndipo anthu zana limodzi ndi makumi awiri anagwira mpweya m'zifuwa kudikira dzanja lake.

A Nanzunga anaimirira.

Gogo wina anayamba nthungululu, koma anaidula pakati ataona nkhope yawo. Mayiwo anamanganso chitenje chawo bwinobwino, mosafulumira, natuluka mumzere, nayamba kuyenda kulowera kukhomo. Nsapato zawo zinkamveka pamatabwa, go, go, go, holo yonse ili zii.

Mtsikana wina akanalira pamenepo, kapena kuthawira kuseri kwa katani. Nazira anakoka mpweya, naimbanso mizere yomweyo kachiwiri, mokweza kuposa poyamba, akuyang'ana msana wa mayi amene ankachokayo. Kubwereza kumeneko pa pepala panalibe. Anaimba mpaka liwu lomaliza, mayiwo ali pakhomo, ndipo anthu ena amalumbira mpaka lero kuti phazi lawo linaima pang'ono asanatuluke.

Pamenepo Jasper anagwetsa kandodo, ndipo kwaya yonse inakhuthuka pamodzi ndi malipenga ndi ng'oma zonse, mpaka fumbi la zaka makumi awiri linayoyoka kudenga. Anthu anaimirira nyimbo isanathe. Alendo a ku Lilongwe anawomba m'manja mpaka kuwawa, akuti kachete uja ndi kutuluka kwa mayi uja zinali zokonzeratu, luso lapamwamba. Palibe anavutika kuwawongolera.

Nazira anakweza maso. Pakhonde la m'mwamba panali mipando iwiri yopanda anthu.

* * *

Anawapeza panja, dzuwa likupendekera kumapiri a ku Mozambique. Swaleh anali kale pachiwongolero cha pikapu, injini ikulira, maso ali kutsogolo. A Saiti anaima pambali pa chitseko, ngati ankamudikira.

"Baba."

"Usandigwadire pafumbi, diresi lingade." Mawu awo anali ofatsa monga mwa masiku onse. "Tanthauzo lake unalidziwa?"

"Ndinalidziwa."

"Usanaimbe?"

"Ndisanaimbe."

"Ukanati sunadziwe, bwenzi ndikukukweza m'galimoto muno."

"Sindingakunamizeni, Baba. Mumtima sindinakusiyeni, ndipo sindidzakusiyani. Koma Kareem sindikumufuna, ndipo lero mwandimva."

"Ndakumva. Lizulu yense wakumva, ndi a tsidya la msewu omwe." Anavula kofiya, naiyang'ana, naivalanso. Maso awo anali atanyowa, ndipo zimenezo zinamupweteka Nazira kuposa mbama. "Waimba bwino. Sindinkadziwa kuti ndinabereka mawu otero. Ndinali wonyada mpaka pamene ndinakumbukira zimene ukunena."

"Ndiye ndiloleni ndibwere kunyumba tikakambirane."

"Tikambirane chiyani? Wagogoda pakhomo la eni, mwana wanga. Dikira akutsegulire. Ine wanditsanzika kale, kawiri konse, pamaso pa anthu."

Anakwera, natseka chitseko pang'onopang'ono. Swaleh sanacheuke n'komwe. Pikapu inadutsa pakati pa ogulitsa chimanga chootcha, n'kukhotera kumtunda.

Nazira analira, inde, koma ataimirira. Misozi ikutsika choncho anamva dzanja likugwira lake. Anali Jasper, ndipo aka kanali koyamba kumugwira dzanja anthu akuona.

"Tiye," anatero. "Tikaonane nawo amayi."

* * *

A Nanzunga anakhala pabenchi pansi pa mtengo wa bulugamu, Pauline ataima kumbuyo kwawo atawanyamulira chikwama. Oimba ndi oonera anayamba kuyandikira, aliyense akunamizira kufuna mthunzi.

"Amayi, uyu ndi Nazira."

"Dzina ndalimva. Mawunso ndawamva." Anamuyang'ana mtsikanayo kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Nyimbo ija ndinaimba ine, zaka makumi atatu ndi zisanu zapitazo, pachipata cha a Ngozo. Ndamva akwatibwi ambiri chiyambire. Palibe anaiimbapo ngati mmene mwaimbira inu. Pamenepo sindinama."

Pauline anatsonya chapansipansi.

"Nanga bwanji simunandiyankhe, amayi?"

"Chifukwa chipata changa chili ndi kalowedwe kake. Muvule mpangowo, mulowe kalasi kutchalitchi kwathu, mubatizidwe. Tsiku limenelo ndidzakuyankhani mudzi wonse ukumva, ndipo mbuzi ndidzapha ndekha."

"Inunso kumutu mwafunda, amayi."

"Ili ndi duku."

"Ndiye tonse awiri timaopa Mulungu ndi nsalu." Nazira sanakweze mawu, koma sanatsitsenso maso. "Nyimbo yanu ndaifunsa tanthauzo lake lonse lero. Ikuti ndasiya bambo, ndasiya mayi. Zimenezo ndachita, galimoto yawo mwaiona ikupita. Zosiya chipembedzo changa mulibemo m'mizere imeneyo."

Wina m'gulumo anati "eee!" n'kudzigwira pakamwa. A Nanzunga anatukula chibwano.

"Pakamwa ndiye mulipo. Ine ndanena zanga. Jasper, uwauze alendo akowa."

Nazira anatembenukira kwa mnyamata amene anali atamugwirabe dzanja.

"Baba anena zawo. Amayi ako anena zawo. Iwe ukuti bwanji?"

Jasper anayang'ana amayi ake, anayang'ana anthu amene anawazungulira, anayang'ananso kumsewu kumene pikapu inalowera. Mnyamatayu anali atangoimbitsa anthu zana limodzi ndi makumi awiri ndi dzanja limodzi, koma apa lilime linamulemera. Ndipo pofuna kukondweretsa onse, monga amachitira anthu ofatsa, anaganiza kuti wapeza njira yanzeru. Anawerama, namunong'oneza, koma osati motsitsa mokwanira.

"Tamvera, Nazira. Lero ulibe kopita. Ingovomera kaye, zinazo tidzakonza pang'onopang'ono. Ndi kansalu chabe."

Nazira anayang'ana dzanja lake lili m'dzanja la Jasper, nalisolola pang'onopang'ono, chala chimodzichimodzi.

"Kansalu chabe," anabwereza.

"Sindikutanthauza choncho, ndikungoti…"

"Ine ndataya nyumba ya bambo anga chifukwa cha iwe, pasanathe ndi ola limodzi. Iwe sungathe kutaya ngakhale kumwetulira kwa amayi ako." Anakonza mpango wake. "Ndinaima pachipata ndi mpango uwu, Jasper. Amene akutsegula atsegulire ine ndi mpango womwe. Apo ayi, chikhale chitsekere."

Anagwadira a Nanzunga mwaulemu wonse, monga analeredwera, nadzuka. Pauline anali akumwetulira, koma Nazira atamuyang'ana m'maso kumwetulirako kunasowa kolowera. Gulu linapatuka lokha kumupatsa njira.

"Nazira! Dikira!"

Sanacheuke. Anayenda ndi diresi lake loyera kudutsa bwalo lonse mpaka pa tala, chikwama chili paphewa. Kumtunda kunali kwawo, kumene anali atatsanzika. Kumunsi kunali njira ya kwa Jasper, kumene sanamutsegulire. Kumbuyo kwake ankamva mapazi akuthamanga, ndi mawu a a Nanzunga akuitana mwana wawo ndi dzina lake laubwana kuti abwerere. Mapaziwo anachepetsa liwiro.

Minibasi inaima patsogolo pake, kondakitala n'kutsegula chitseko.

"Mukupita kuti, achemwali?"

Nazira anakwera asanayankhe.